Mmene mungasefere zonena za pa TV zokhudza ma quarterback achinyamata mu NFL

Amene mwayamba kutsatira NFL, mpira wa ku America uja amasewera atavala zipewa zolimba, mwaona kale kuti gemu ikatha Lamulungu nkhani sithera pompo ayi. Kukangocha Lolemba mapologalamu a pa TV ngati First Take ya ESPN komwe kumakhala Stephen A. Smith, kapena The Herd ya Colin Cowherd, amagwira mnyamata mmodzi nkuyamba kumukhadzula, ndipo nthawi zambiri amakhala quarterback wachinyamata amene wangolowa kumene mu ligi. Sabata ino akuti ndi mpulumutsi wa timu, sabata yamawa akuti timu inataya ndalama, amuike pa benchi basi. Tizidutswa ta mavidiyo awo timafika pa Facebook ndi pa X, ife nkutengera zomwezo kumakakangana nazo mma gulupu a WhatsApp ngati taona tokha.

Ine zimandiwawa chifukwa ambiri mwa anyamatawa amakhala ndi zaka 21, 22 kapena 23, ndipo ntchito yomwe apatsidwa ndi yovuta kuposa ina iliyonse mu gemu imeneyi. Quarterback ndi amene amalandira mpira pafupifupi pa play iliyonse, kutanthauza ulendo uliwonse mpira ukayambitsidwa, timu yake ikamaukira, amayenera kuwerenga mmene adani 11 aimira, kukumbukira komwe aliyense mwa anzake athamangire, nkuponya pasanathe masekondi atatu kwinaku zimphona zikubwera kudzamugwetsa. Ndiye munthu wina akamamuweruza muzimva ndithu, koma muzisefa. Nayi njira yake.

Yambani ndi kuwerenga magemu amene mnyamatayo wasewera. Sizoni ya NFL ndi yaifupi kwambiri, magemu 17 basi kuyambira 2021, kale anali 16. Munthu akamakuuzani mu October kuti uyu watha, dziwani kuti akuweruza ndi magemu asanu kapena asanu ndi imodzi. Peyton Manning anatengedwa nambala wani ndi Indianapolis Colts mu draft ya 1998, komwe matimu amasankha osewera atsopano ochokera ku koleji, chaka chake choyamba anaponya ma interception 28, kutanthauza kuti ka 28 mpira wake unagwidwa ndi adani, ndipo timu inawina magemu 3 nkuluza 13. Chaka chotsatira manambala omwewo anatembenuka, inawina 13 nkuluza 3, ndipo munthuyu anadzapuma mpira ali ndi mphoto zisanu za MVP, wosewera wabwino kwambiri wa sizoni, ndi ma Super Bowl awiri, yomwe ndi fainolo ya NFL. Troy Aikman ku Dallas Cowboys mu 1989 anayamba magemu 11 osawinako ngakhale imodzi, pambuyo pake anatenga ma Super Bowl atatu. Josh Allen wa Buffalo Bills ndiye nkhani ya posachedwa, mu 2018 mipira yake yofika kwa anzake inali 52.8 pa 100 iliyonse, anthu ankati uyu ali ndi mkono wamphamvu koma sadziwa kuloza ndipo zimenezi siziphunzitsika, mu 2019 inakwera kufika 58.8, mu 2020 inafika 69.2. Sizoni ya 2024 anatenga MVP. Ndiye funso loyamba kwa wodzudzula aliyense ndi lakuti waona magemu angati, ndipo ngati sanakwane sizoni ziwiri zimene akunenazo ndi zongoganiza, sichigamulo.

Chachiwiri, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe anthu a pa TV amadumpha dala, yang'anani amene amuzungulira mnyamatayo. NFL inakonza draft yake mwakuti timu yomwe yachita zoipa kwambiri sizoni yatha ndi imene imayamba kusankha. Tanthauzo lake nlakuti quarterback wabwino kwambiri wochokera ku koleji amapita ku timu yowola kwambiri, kupatula ngati pachitika zosinthana ma pick, malo osankhira mu draft. Akufika pamalo pomwe omutchinga ndi ofooka, ogwira mpira ndi osadalirika, kochi mwina ali pafupi kuchotsedwa ntchito, kenako tikumuyerekeza ndi Patrick Mahomes amene anafikira ku Kansas City Chiefs timu yomwe inkawina kale, pansi pa kochi Andy Reid, nkukhala pa benchi pafupifupi sizoni yonse ya 2017 akuphunzira kwa Alex Smith asanaponye ma touchdown 50, zigoli za mpira umenewu, mu 2018. Sizofanana abale.

Omutchinga aja amawatcha offensive line, ndi anthu asanu amene amaima kutsogolo kwake. Nambala yosavuta kuyang'ana ndi ya ma sack, kuti kangati quarterback wagwetsedwa asanaponye. David Carr ku Houston Texans mu 2002, timu yongoyamba kumene chaka chomwecho, anagwetsedwa ka 76 mu sizoni imodzi ndipo rekodi imeneyi ikadalipo mpaka lero. Bryce Young ku Carolina Panthers mu 2023 anagwetsedwa ka 62, Caleb Williams ku Chicago Bears mu 2024 ka 68. Munthu womenyedwa chonchi amayamba kuyang'ana amene akubwera kudzamugwetsa mmalo moyang'ana amene akufuna kumuponyera, ndipo chizolowezi chimenechi chikalowa mthupi kuchichotsa ndi ntchito. Koma apa musamale, sikuti sack iliyonse ndi vuto la otchinga. Pali ma quarterback amene amasunga mpira nthawi yaitali kufuna play yaikulu pomwe mnzawo ali poyera pafupi pomwepo, ndipo Caleb Williams yemweyo anthu oonera bwino anamunenapo pa zimenezi ndipo sankanama. Mukamaonera replay werengani mumtima, wani, thu, fili. Akagwa musanafike pa fili ndiye kuti otchinga amugulitsa, akagwa mutafika pa faivi ndiye kuti wazipala yekha. Wodzudzula amene sakusiyanitsa ziwirizi sanaonere gemu, wangoona manambala.

Kenako kochi. Jared Goff anayamba magemu 7 ku Los Angeles Rams mu 2016 pansi pa Jeff Fisher kenako John Fassel ndipo analuza onse, anthu anamulemba kale kuti ndi katundu wotayika, kubwera Sean McVay mu 2017 timu yomweyo inawina magemu 11, sizoni yotsatira anafika ku Super Bowl. Trevor Lawrence chaka chake choyamba ku Jacksonville Jaguars mu 2021 anali ndi Urban Meyer amene anachotsedwa ntchito atangotsogolera magemu 13, mnyamatayo anaponya ma touchdown 12 ndi ma interception 17, koma chaka chotsatira ali ndi Doug Pederson anafika mu ma playoff, ndime yolimbirana kupita ku Super Bowl, nkuwina gemu ija ya Chargers 31-30 atatsalira 27-0. Baker Mayfield ku Cleveland Browns anadutsa mmanja mwa Hue Jackson, Gregg Williams, Freddie Kitchens ndi Kevin Stefanski mu zaka zake zitatu zoyambirira zokha. Kochi akasintha nthawi zambiri amasinthanso mayina a ma play onse ndi kaganizidwe konse, mnyamata amayambiranso kuloweza buku lonse. Ndiye musanavomere kuti wakuti sakukula, fufuzani kuti wagwira ndi makochi angati, makamaka offensive coordinator amene amaitana ma play. Zimenezi zili poyera pa intaneti, pa Pro Football Reference mumapeza chaka ndi chaka kuti kochi anali ndani, sizitenga ngakhale mphindi zisanu.

Mwina mukufunsa kuti nanga bwanji matimu osangowasiya anyamatawa aphunzire kaye pa benchi ngati Aaron Rodgers amene anadikira zaka zitatu kumbuyo kwa Brett Favre ku Green Bay. Yankho ndi ndalama. Mu 2010 Sam Bradford asanasewereko gemu iliyonse anasaina kontirakiti ya madola 78 miliyoni. Mu 2011 ligi ndi bungwe la osewera anagwirizana zoika malire pa malipiro a osewera atsopano, Cam Newton amene anali nambala wani chaka chimenecho analandira madola pafupifupi 22 miliyoni pa zaka zinayi. Kuyambira pamenepo quarterback wachinyamata ndi wotchipa kwa zaka zinayi, ndiye timu imafuna asewere pompopompo kuti ndalama zotsalazo igulire osewera ena nthawi isanathe, ndipo akachedwa kupsa amangomutaya nkutenga wina chifukwa sanawononge zambiri. Josh Rosen anatengedwa nambala 10 ndi Arizona Cardinals mu 2018, chaka chimodzi chokha anamugulitsa nkutenga Kyler Murray. Changu chomwe mumachimva pa TV chimachokera pamenepa, si kuti anyamata a masiku ano ndi ofooka kuposa akale.

Za manambala ndinena mwachidule. Musalole munthu akuuzeni kuti quarterback uyu wawina magemu akuti ndiye ndi wabwino, kapena waluza akuti ndiye ndi woipa, chifukwa theka la gemu iye amakhala panja difensi yake ikusewera. Interception nayonso ili mitundumitundu, ina mpira wamenya mmanja mwa mnzake nkudumphira kwa mdani, ina mnzake wathamangira kolakwika, ina waponya mwa chikonzero pomwe nthawi yatha ndipo palibe chotaya, ina ndiye iye mwini sanamuone mdani amene anabisala pakati. Pa pepala zonsezi zimalembedwa chimodzimodzi. Kamera ya pa TV imatsata mpira basi, siionetsa zimene ogwira mpira akuchita kutsogolo, nchifukwa chake makochi amagwiritsa ntchito kanema wojambulidwa pamwamba amene amaonetsa osewera onse 22, amamutcha All-22. Ngati wodzudzula akukuonetsani kanema wotere nkumaimitsa, nkuloza kuti apa munthu anali poyera koma maso a mnyamatayu anali mbali ina, ameneyo mumvereni ngakhale akunena zowawa. J.T. O'Sullivan amene anasewerapo quarterback mu NFL amachita zimenezi pa YouTube pa The QB School, Kurt Warner nayenso amatero, Dan Orlovsky ku ESPN akapatsidwa mpata amaima pa sikirini nkufotokoza. Koma ngati anthu anayi akhala pa tebulo akukuwirana kuti uyu alibe mtima wa mpikisano popanda kuonetsa play ngakhale imodzi, dziwani kuti pologalamuyo ili ndi maola oti idzaze tsiku lililonse pomwe timu imasewera kamodzi pa sabata, ndipo mkangano ndi umene umabweretsa oonera.

Tsopano chinthu chimene ndimafuna aliyense achigwire bwino, siyanitsani kudzudzula kasewero ndi kudzudzula munthu. Kunena kuti mapazi ake samaima bwino akamaponya kumanzere, kapena kuti amakakamira munthu mmodzi osayang'ana wachiwiri, kumeneko ndi kudzudzula kasewero ndipo mukhoza kutsimikiza nokha ndi maso. Koma zakuti sakuoneka ngati mtsogoleri, nkhope yake pa benchi sinandisangalatse, amavala mwakuti, izi palibe amene angazitsimikize kapena kuzitsutsa ndiye zimamatirira. Caleb Williams ananyozedwa chifukwa amapenta zikhadabo komanso chifukwa analira atakumbatira mayi ake timu yake ya USC italuza kwa Washington mu 2023, anthu akuluakulu nkumakambirana pa TV ngati mwana wolira angatsogolere amuna anzake. Kodi zikugwirizana pati ndi kuponya mpira? Sam Darnold mu October 2019 ali ku New York Jets anavekedwa maikolofoni pa gemu ya Lolemba usiku yomwe analuza 33-0 kwa New England Patriots, ali pa benchi anauza makochi ake kuti akuona mizukwa, kutanthauza kuti akuona adani pomwe palibe chifukwa cha mmene difensi ya Bill Belichick, kochi wa Patriots nthawi imeneyo, inkamusokonezera. ESPN inaulutsa mawuwo, ndipo anamutsata zaka ndi zaka ngati dzina. Mnyamata ananena zoona kwa aphunzitsi ake kuti amuthandize, dziko nkumusandutsa choseketsa. Paja amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, Darnold anadutsa ku Carolina ndi ku San Francisco, mu 2024 ku Minnesota Vikings pansi pa Kevin O'Connell anaponya ma touchdown 35 timu nkuwina magemu 14. Mayfield nayenso atadutsa ku Carolina ndi ku Rams anakaponya ma touchdown 41 ku Tampa Bay mu 2024.

Ndipo sitingabise kuti ku America nkhani ya khungu ili mkati mwa zimenezi kuyambira kale. Kwa zaka zambiri matimu ankakhulupirira kuti munthu wakuda akhoza kuthamanga koma sangaganize ngati quarterback. Warren Moon sanatengedwe mu draft ya 1978, anapita ku Canada komwe anawina Grey Cup, chikho cha ligi ya kumeneko, kasanu motsatizana ndi Edmonton asanalowe mu NFL, mu 2006 analowa mu Hall of Fame, mndandanda wa akatswiri olemekezeka. Doug Williams ndi amene anakhala quarterback wakuda woyamba kuwina Super Bowl mu January 1988 ndi timu ya Washington. Mu 2003 Rush Limbaugh ananena pa ESPN kuti Donovan McNabb amangotamandidwa chifukwa atolankhani akufuna quarterback wakuda achite bwino, ndipo patangopita masiku ochepa anatula pansi ntchitoyo. Ndiye mu 2018 Bill Polian, munthu wolemekezeka amene anamutenga Peyton Manning ku Colts, ananena kuti Lamar Jackson asinthe akhale wide receiver, wogwira mpira woponyedwa, pomwe mnyamatayu anali atawina kale Heisman Trophy, mphoto ya wosewera wabwino kwambiri wa ku koleji, mu 2016 ngati quarterback ku Louisville. Matimu anamudumpha mpaka pick ya 32 pomwe Baltimore Ravens inamutenga. Mu 2019 anaponya ma touchdown 36, ochuluka kuposa wina aliyense mu ligi sizoni imeneyo, nkuthamanga mayadi 1,206, nkutenga MVP ndi mavoti onse, mu 2023 anatenganso ina. Ndiye mukamva mawu akuti uyu ndi wothamanga chabe, sawerenga difensi, sakonda kuphunzira, imani kaye nkufunsa kuti umboni uli pati, komanso ngati mzungu wosewera chimodzimodzi akanamunena ndi mawu omwewo. Nthawi zina umboni umakhalapo, koma auonetse.

Matamando nawonso muziwasefa ndi sefa yomweyo. Robert Griffin III mu 2012 ku Washington anamuika kumwamba, anatenga mphoto ya wosewera watsopano wabwino wa offense, mbali youkira, bondo linavulala mu ma playoff a January 2013 ndipo sanabwererenso pomwe anali. Mac Jones anafikitsa Patriots mu ma playoff mu 2021 anthu nkumati wolowa mmalo mwa katswiri wawo wakale Tom Brady wapezeka, chaka chotsatira ma play ankaitana Matt Patricia amene zaka zambiri anali kochi wa difensi, zonse zinagwa, pofika 2024 anali atamugulitsa ku Jacksonville. Sizoni yoyamba yabwino siuza zambiri chifukwa makochi a adani amakhala asanapeze kanema wokwanira, nthawi yopuma amakhala pansi nkuphunzira zimene mnyamatayo amakonda ndi zimene amaopa, chaka chachiwiri amamutsekera zokondazo. Pamenepo ndi pomwe muyenera kuyang'anitsitsa, kuti akamutsekera njira yoyamba ali nayo yachiwiri kapena ayi.

Musandimve molakwa ngati ndikuti odzudzula amanama nthawi zonse. Ryan Leaf anatengedwa nambala thu pambuyo pa Manning mu 1998 ndipo sizinayende ku San Diego, JaMarcus Russell nambala wani wa 2007 ku Oakland Raiders anachotsedwa mu 2010 patatha sizoni zitatu. Zach Wilson wa Jets mu November 2022 atangoponya mayadi 77 pa gemu yomwe analuza 10-3 kwa Patriots anafunsidwa ngati akuona kuti offense yakhumudwitsa difensi, iye anayankha kuti ayi, ndipo apa amene anamudzudzula ankanena chinthu chimene aliyense anamva ndi makutu ake, timu inamuika pa benchi sabata yomweyo. Mmene mungadziwire kuti kudzudzula kwafika pa zoona ndi motere, cholakwika chomwecho chikubwerezedwa chaka chachiwiri ndi chachitatu, makochi asintha koma icho sichinasinthe, otchinga akumupatsa nthawi koma mpira ukupitabe kolakwika, ndipo quarterback wachiwiri akalowa ndi anthu omwewo timu ikuyenda bwino. Chomalizachi ndi chizindikiro champhamvu kwambiri chifukwa chimachotsa zifukwa zonse za amene amuzungulira.

Kuti muzichite nokha, sankhani mnyamata mmodzi amene wangolowa mu ligi nkumutsatira sizoni yonse, osati onse. Magemu oyambirira a Lamulungu kwathu kuno amayamba 7 koloko madzulo mu September ndi October, America ikasintha mawotchi mu November amayamba 8 koloko, ndiye amenewo mukhoza kuonera osasowa tulo, a usiku aja a cha mma 2 koloko mbandakucha mungodalira ma highlights. Mukaonera lembani maganizo anu mufoni musanatsegule Facebook kapena kumva za pa TV, zinthu zitatu basi, anali ndi nthawi yoponya kapena ayi, mipira yolakwika inali vuto la ndani, ndipo pa third down, pomwe timu yatsala ndi mwayi umodzi weniweni kuti isataye mpira, anachita chiyani. Kenako mverani a pa TV aja nkuyerekeza. Sunganinso zimene iwo ananena mu September kuti mudzaone mu December ngati abwerere kudzavomera kapena angodumphira pa mnyamata wina. Polian uja anadzavomera mu 2019 kuti analakwitsa pa Lamar, ndipo ine ndimamupatsa ulemu pa chimenecho chifukwa ambiri samabwerera.

Nthawi yabwino yogamula ndi yomwe matimu eni ake amagamulira. Wosewera wotengedwa mu raundi yoyamba amasaina zaka zinayi, ndipo akamaliza sizoni yachitatu timu imakhala ndi mpaka kumayambiriro kwa May kuti inene ngati ikuwonjezera chaka chachisanu kapena ayi. Pamenepo amakhala ataona magemu okwana 40 kapena kuposa ngati mnyamatayo sanavulale, adani amuphunzira kawiri konse, ndipo eni timu akuyenera kuika ndalama zawo pa zimene akukhulupirira. Jets inamugulitsa Darnold mu April 2021 itafika pa mphambano imeneyi, Bears inachita chimodzimodzi ndi Justin Fields mu March 2024, pomwe Bills inamupatsa Josh Allen kontirakiti yatsopano ya zaka zisanu ndi chimodzi mu August 2021.